Chithunzi chokapachika pambali pa a Fraser

Inu amene mukudandaula kuti zamakono zakulandani ntchito, tamvani za Rozaria wa ku Migowi.

Tsiku limene anatsala pang'ono kuponya kamera yake m'chimbudzi, mayi Belita anali atamubwezeranso chithunzi chawo.

"Iwe mwana wa a Tobias, ameneyu ndani? Masaya otuwa ngati ndagwera paphulusa, chipumi chili phuliphuli ngati ndadzola mafuta ophikira. Nanga makwinya onsewa wawatola kuti? Tenga zinthu zako."

Rozaria anali wamasiye. Bambo ake, a Tobias, ankajambula zithunzi m'chigwa chonse cha Phalombe, ndipo pomwalira anamusiyira njinga, kamera ya filimu ndi azing'ono ake oti awadyetse. Rozaria sukulu analekezera panjira. Ntchito inkayenda ndithu, mpaka filimu itayamba kusowa cha m'ma 2008. Otsuka zithunzi ku Limbe ankangoti mankhwala atha. Anagulitsa mbuzi zake n'kugula kamera ya dijito yakaunjika.

Koma kamera imeneyo, abale! Inkaona chilichonse, ngakhale zomwe sinatumidwe: zipsera, thukuta, ndi ulusi womwe wosokera chigamba. Anthu anayamba kunong'onezana kuti luso linalowa m'manda ndi mwini wake.

Mayi Belita ankafuna chinthu chimodzi. Pakhoma pawo panali chithunzi cha amuna awo, a Fraser, chimene a Tobias anajambula Napolo wa 1991 asanakokolole a Fraserwo. Mayiwa ndi amuna awowo sanajambulitsepo limodzi. Tsopano atakalamba ankafuna chawo chikhale pambali pake, ndipo ziwirizo zifanane. Komanso mayiwa ankatsogolera amayi a kutchalitchi, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Akanangoti Rozaria satha kujambula, maukwati ndi maubatizo onse akanamuthawa, ana kunyumba n'kugona ndi njala.

Rozaria anameza mkwiyo n'kupempha kuti abwereke chithunzi cha a Fraser.

"Amuna anga sachoka pakhoma. Ukafuna, khala pamphasapo uwayang'ane."

Anakhaladi, khosi mpaka kuwawa. Anaona kuti khungu la a Fraser linali lofiirira ngati mtedza wokazinga. Nkhope inali yofewa, mithunzi yakuya, ndipo pepala lonse linali ndi timadontho ngati mchenga wosefa. Umu ndi momwe filimu inkajambulira, ndipo anthu a kumeneko anazolowera kudziona choncho.

Kabuku ka malangizo a kamera ya dijito ija kanali m'chinenero chimene ngakhale aphunzitsi anachilephera. Ndiye Rozaria anangoyamba kudina mabatani. Anajambula nkhuku, anajambula chitsa, anajambula aneba mpaka anayamba kumuthawa. Batire likatha, ulendo wokatchaja kometera tsitsi. Tsiku lina anadina polakwika, anthu onse n'kutuluka obiriwira ngati masamba a chinangwa. Analira ndi ukali, koma m'mawa mwake anayambiranso.

Pang'ono ndi pang'ono kamera inayamba kumumvera. Atazimitsa fulashi, kung'anima kwa chipumi kunatha. Pa zizindikiro zosinthira mtundu wa kuwala anasankha ka mtambo, khungu n'kufiirira. Anachepetsa kuthwa kwa chithunzi, makwinya anafatsa. Anakweza nambala ina ya m'kameramo yotchedwa ISO, timchenga tija n'kubwera. Kenako anachepetsako kuwala kuti mithunzi izame.

Anakawapeza mayi Belita dzuwa litapendeka, n'kuwakhazika pansi pa mtengo wa mango womwe a Fraser anaimapo pachithunzi chawo chija, phiri lili kumbuyo. Pagalasi la kamera chithunzi chinaoneka bwino kwabasi. Anapatsira khadi yosungira zithunzi kondakitala wa minibasi kuti akatsukitse ku Limbe.

Envulopu itabwera, anaitsegula msangamsanga. Nkhope yotuwa ija inali itabwereranso, makwinya onse ali mbwee!

Apa ndiye anapsa mtima zenizeni. Anakwera yekha minibasi, fumbi lili m'mano msewu wonse, n'kukalowa mu situdiyo ya otsuka zithunzi aja osapereka ndi moni womwe. Anapeza Dyson, amene ankatsuka zithunzizo.

"Achimwene, chithunzi changa mwachitani?"

"Tachikonza, achemwali. Chinabwera chofiira komanso chamchenga, ndiye kompyuta yachiwongola. Mukanathokoza."

"Ndithokoze? Ndavutika nyengo yonseyi kuti chifiire, inu n'kuchichapa! Anakutumani ndani? Tsukaninso, osakhudza kalikonse, ndipo pepala likhale losang'anima."

Dyson anapukusa mutu, nati sanaonepo munthu wofuna chithunzi chowonongeka. Rozaria anaima pamsana pake mpaka pepala linatuluka.

Mayi Belita analandira chithunzicho nkhope ili gwa, okonzeka kale kukalipa. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, kenako anachigunditsa kukhoma pambali pa amuna awo. Khungu linali limodzi, phiri lomwelo, kuwala komweko.

"A Fraser," anatero mayi Belita, "inu mwakhalabe mnyamata, ine ndakalamba. Koma taonani, dzuwa latiwomba limodzi."

Anapukuta misozi ndi chitenje n'kutembenuka. "Nanga iwe waimiranji ngati mtengo? Kandipezere msomali."

Lamulungu lotsatira, pakamwa popanda chitseko paja panagwira ntchito ina. Amayi a kutchalitchi anandanda pakhomo pa Rozaria, aliyense akufuna chithunzi "chonga cha a Tobias."

Abale, chida chatsopano chikakukanani, musathamangire kunena kuti nthawi yanu yatha. Khalani nacho pansi, chidineni, lakwitsani, psani mtima ngati n'kofunika, koma mawa mudzukirenso pomwepo. Ndipo mukadziwa chimene mukufuna, musalole wina akuwongolereni. Rozaria akanaponya kamera ija m'chimbudzi, a Fraser akanakhalabe okha pakhoma. Inunso osataya mtima.