Zala zanu pachitseko cha lole

Ndi masana, chiperoni chikuwazabe, ndipo penti akukana kuuma. Achimwene, lero chatha chaka chitisiyireni. Amalume apeza wogula lole yanu yakale ija ku Chitakale, koma akuti mutu wake wasuluka, uyambe wapentedwa. Ndikupenta ndekha.

Pachitseko ndapeza zidindo za zala zanu. Mukukumbuka tsiku lomwe munandipatsa bulashi, ine n'kumaopa kulakwitsa? Munadinda dzanja lanu pa penti wosauma, n'kuseka: "Waona, chemwali? Ndayamba kuwononga ndine. Tiye, penta." Chichokereni inu, ndimatha tsiku osayankhula ndi munthu. Amalume akalipa, ndikudziwa, koma bulashi ndailambalalitsa pamenepo. Lole ipita ndi dzanja lanu.

Ndamaliza kulemba Lachinayi, 4 koloko madzulo.