Dainess ndi Pulogalamu Yodikira Munthu Mmodzi

Dainess Mwanza anakulira ku Nabvutika, m'nyumba ya aphunzitsi momwe munthu sankaloledwa kukweza mawu. Bambo ake atamwalira, amayi ake, a Olipa, anabwerera kumunda ku Madzimoyo. Iye anatsala m'tauni, naphunzira zamakompyuta, n'kupeza ntchito ku bungwe lina la alimi a ku Kasenengwa. Ntchito yake inali kutayipa malipoti ndi kukonza pulinta. Mawu anayamba kukweza ali kumeneko.

Bungwelo linali ndi pulogalamu ya pa intaneti. Mlimi akaona chachilendo m'munda, ankajambula ndi foni n'kutumiza chithunzi, mlangizi n'kuyankha. Anailemba ndi Keith, mnyamata wina amene anapita ku Lusaka atangolandira zikomo. M'chilimwe inkayenda bwino chifukwa panalibe woigwiritsa ntchito. Januwale atafika, mbozi zitalowa m'chimanga, inauma gwa.

Dainess anamuimbira Keith.

"Vuto si pulogalamu, mlongo," anatero Keith. "Alimi anuwo agule mafoni abwino."

A Malcolm, amanijala a bungwelo, nawonso anali ndi mankhwala awo. "Ingozimitsani, muyatsenso."

Dainess anazimitsa, nayatsa, mpaka chala kuwawa. Loweruka lina anapita ku Madzimoyo, napeza amayi ake ali m'munda, masamba a chimanga ali mabowo okhaokha.

"Ndinatumiza chithunzi kuntchito kwanuko," anatero a Olipa, osamuyang'ana. "Kanthu kaja kanangozungulirazungulira pafoni. Ndiye ndinati kapena muli otanganidwa."

Dainess anakwera minibasi yobwerera mtima ukuwira, ndipo Lolemba anatsegula zimene Keith analemba, mzere ndi mzere. Sanamvetse zambiri, koma chimodzi anachiona: pulogalamuyo inkatumikira munthu mmodzi pa nthawi. Mlimi wa kumene netiweki ndi yofooka akayamba kutumiza chithunzi, iyo inkangoima kumudikira, ena onse ali pamzere kumbuyo mpaka mafoni awo kutopa.

"Ili ngati nesi woti waika chopimira kutentha m'khwapa mwa wodwala mmodzi, n'kuima pompo manja ali m'thumba, ena akubuula pabenchi," Dainess anawafotokozera a Malcolm.

"Ndiye tiitane katswiri."

"Katswiri wake ndi uja watisiyira zimenezi."

Pofufuza anapeza kuti pali zida zina zomangira mapulogalamu a pa intaneti zimene sizidikira chonchi. Ntchito ina ikamachedwa, pulogalamu imaisiya kaye, n'kutumikira munthu wina, kenako n'kubwerera. Malangizo ake ankati kuyamba n'kosavuta ngakhale pang'ono. Mawu amenewo anamukwiyitsa kuposa a Keith. Wolemba zimenezo sanakhalepo m'ofesi momwe malaiti amathima usanamalize kukopera chida, kapena momwe bandulo imatha vidiyo yophunzitsa ili pakati. Dainess ankakweza laputopu pawindo kusaka netiweki, akutukwana chapansipansi, anzake a muofesi akuyang'anana.

Tsiku limene tsamba lake loyamba la pa intaneti linatseguka, linangolemba kuti "Moni Kasenengwa", basi. Sanasangalale. Alimi sankafuna moni.

Anaphunzira mawu awiri amene zonse zimatsamirapo. Loyamba, async, amaliika pa ntchito yoti ingathe kuima kaye. Lachiwiri, await, amaliika pamalo enieni podikirapo, kuti pulogalamu idziwe kuti apa ingapite kukathandiza wina. Anawamwaza paliponse ngati fetereza, n'kuitana onse a muofesi kuti atumize zithunzi nthawi imodzi.

Pulogalamu inauma ngati kale.

A Malcolm anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mayi Mwanza, bwererani ku pulinta yanu."

"Musandiseke!" Dainess anamenya tebulo, kapu ya tiyi n'kugwa. "Inu mwachitapo chiyani? Anthu chimanga chikutha, inu muli pa mpando kudikira alendo a galimoto zoyera!"

Dainess anatenga laputopu n'kukakhala pakhonde. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti a Malcolm sananame: zinalidi zitakanika. Anabwerezanso malangizo aja, ulendo uno pang'onopang'ono, ndipo mawa lake anapeza pamene panalakwika. Mbali yosunga zithunzi anaisiya mmene Keith anailembera, ndipo imeneyo sinkadziwa kupatsa mpata. Malo amodzi okhawo ankaimitsa zonse. Anailembanso ndi chida choyenera, nayesa ndi mafoni omwe aja. Zithunzi zinalowa zonse, china pambuyo pa chinzake, popanda choima.

Koma apa n'kuti ali mu Malichi. Munda wa a Olipa unali utapita kale, ndipo zimene anakolola chaka chimenecho sizinadzaze ngolo.

Mvula yotsatira itagwa, pulogalamu inagwira ntchito, ndipo vuto linangosamuka. Zithunzi zonse tsopano zinkafika kwa mlangizi, a Tryness, munthu mmodzi wokhala ndi njinga yamoto imene nthawi zambiri inalibe mafuta. Anabwera kwa Dainess maso ali ofiira.

"Anzanga, mwandipha. Foni ikulira osapuma. Ndiyankhe ndani, ndisiye ndani?"

Dainess anawagwira dzanja n'kulowa nawo muofesi ya amanijala osagogoda. A Malcolm anali pafoni, akuuza munthu wina kuti bungwe lawo lapita patsogolo pa zamakono.

"Dulani foniyo," anatero Dainess. "Tikufuna mlangizi wachiwiri."

"Bajeti, mayi..."

"Tikhala pompano mpaka ipezeke."

Anakoka mipando iwiri. A Tryness anakhala chamanyazi m'mphepete mwa mpando, koma Dainess anatsamira, napinda manja. Mlangizi wachiwiri sanabwere chaka chimenecho. A Tryness anangopatsidwa mafuta a njinga ndi lonjezo. Dainess akadali pabungwe pomwepo, ndipo pa msonkhano uliwonse wa antchito nkhani imeneyi amaidzutsa, mokweza, a Malcolm asanamalize n'komwe pemphero lotsegulira.