Luzi la Amalume

Mpeni wa amayi unalibe chigwiriro. Anaukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo unkanunkha utomoni wa fodya ngakhale autsuke ndi phulusa.

Inali nyengo yothyola fodya, ine ndili Sitandade 4. Ndinakwera m'chigafa cha amalume kukapachika masamba, koma mtengo umene ndinapondapo unali wofumbwa. Nditadzuka pansi, mkono wamanja unali utapindika pamalo popanda chigongono.

Bambo anali atapita ku Joni osabwerako, choncho zonse za pakhomo pathu ankagamula ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Anati kuchipatala amangodziwa kudula. Ananditema mphini, kupakamo mankhwala akuda, kuika timabango mozungulira mkono, n'kumanga ndi luzi mwamphamvu ngati akumanga belo la fodya. Kenako anatichenjeza kuti womasula ndi yekhayo amene wamanga. Wina akakhudza, fupa silidzagwirana.

Anthu amati tizilemekeza nzeru zonse za akulu. Ine ayi. Zala zanga zinatupa ngati nthochi, zinazizira, zikhadabo n'kuda bii. Ndinasiya kulira chifukwa ululu unatha, ndipo amalume anati ndiye kuchirako kumeneko.

Amayi anandibaya chala ndi munga. Sindinamve kanthu. Sanaitane munthu. Anatenga mpeni uja n'kudula luzi lonse, amalume ali chiimire pabwalo.

"Mwadula mawu anga, chemwali," anatero amalume.

"Ndadula luzi, achimwene. Mawu anu mudzawapeza ali bwinobwino."

Tinayenda wapansi m'matope mpaka ku Mitundu. Pafupi ndi msika anyamata a malaya ofiira anatiimitsa kufuna khadi la chipani. Amayi anangokweza dzanja langa pafupi ndi nkhope zawo, iwo n'kupatuka.

Adokotala anali aafupi, onunkha sopo wa kaboliki. Anafinya chikhadabo changa n'kudikira kuti magazi abwerere. Anachedwa, koma anabwerera. Atafunsa amene anamanga mkono chonchi, amayi anayankha kuti ndi iwowo. Anakalipiridwa pamaso pa odwala onse, maso ali pansi, osatchula mlongo wawo. Ndinafuna kuulula, koma amayi ananditsina pantchafu.

Anthu awiri anandigwira, adokotala n'kukoka mkonowo mpaka ndinakodzera kabudula. Anandiika chikhakha choyera, chofunda ngati phala, nati ndizidya usipa ndi minga yake yomwe kuti fupa lilimbe. Amayi ankausinja n'kuthira m'ndiwo zilizonse. Mpaka lero sindiufuna.

Kusukulu ndinali mfumu. Anzanga ankagogoda chikhakhacho, ndipo aphunzitsi analephera kundikwapula m'manja teremu yonse. Ndinaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zogona ngati chimanga chokunthidwa ndi mphepo. Mkono unapola wowongoka. Lero ndimanyamula nawo matumba ku Nathenje, ndipo sunandichititsepo manyazi.

Sukulu ndinaisiya chaka chotsatira, ndipo zimandiwawabe. Amalume anali atasiya kubwera ndi ngolo yawo kumunda kwathu, ndiye pankafunika munthu wosenza. Ine ndinkati mwina ng'ombe zawo zadwala. Ndinkawalonjera panjira ndi dzanja lamanja lomwe lija, monyadira, iwo n'kuyang'ana kumbali. Ndikafunsa amayi, ankangoti amalume atanganidwa. Ndinali mwana, sindinkadziwa kuti tsiku lija amayi anasankha pakati pa mlongo wawo ndi mkono wanga, ndipo ankadziwa bwino chimene akutaya.