Maluwa a pa Diresi ya Lusiya

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili terceira classe, kalasi yachitatu, ku Furancungo, pamene ndinawononga chinthu chimene mpaka lero sindinathe kubweza. Ndipo ndinachiwononga mosamala, mwaluso, uku ndikuimba kanyimbo. Pamenepo ndi pamene pamandiwawa kwambiri.

Ababa ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi msika. Koma Lamulungu tikabwera kutchalitchi, ankatulutsa chitini cha mabisiketi n'kukhuthulira tianthu tawo pa meza. Poyamba tianthuto tinali tiasilikali tapulasitiki tobiriwira, tija timapezeka m'mabelo a kaunjika. Ababa anadula timfuti tonse ndi lezala, n'kupaka kalikonse tinta, utoto wotsala popenta njinga, mpaka kanasanduka munthu wa kwathu ku Chidzolomondo. Panali a Jusitino ndi chipewa chawo chong'ambika, azakhali a Marita atabereka mwana, ndi ena ambiri amene anathawa nawo limodzi kupita ku Malawi nthawi ya nkhondo.

Pa mezapo ankajambula ndi choko mtsinje, phiri ndi malire. Iwo ndi mnzawo, a Zakeyu, ankaponya dado, dayisi ija, n'kumayendetsa anthuwo malinga ndi madontho. Wowolotsa anthu ake onse ndiye wapambana. Kamunthu kakagwera pamalo pa ankhondo, ankakagoneka chammbali mpaka masewero atatha.

Kamodzi kokha sikanali kapulasitiki. Kameneko kanali Lusiya, mkulu wanga woyamba kubadwa, amene ine sindinamuonepo. Malungo anamugwira m'tchire pothawa paja, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anamuika pansi pa mtengo umene ababa sanaupezenso pobwerera. Chithunzi chake panalibe. Atangobwerera kwathu, nkhope yake idakali m'maso mwawo, ababa anasungunula mtovu wa batire yakale n'kuumba kamtsikana kotalika ngati chala chachikulu. Anakapenta ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi: maso, kachipsera ka pachipumi, ndi diresi yoyera ya timaluwa imene anavala tsiku lomaliza.

Pa masewerowo Lusiya sankafa. Dado akagwa moipa, ababa ankamukankha pang'ono ndi chala kuti adumphe pangozi, a Zakeyu n'kumayang'ana kudenga ngati aona buluzi. Lamulungu lililonse Lusiya ankawoloka malire.

Ndinene zoona, ndinkamuchitira nsanje. Ine ndimatunga madzi, ine ndimasesa, ine ndimapereka zipanera ku njinga, koma mudzi wonse unkati "amake Lusiya", "abambo a Lusiya". Panalibe wotchula dzina langa kuti "amake Felisita". Tsiku lina nditatambasula dzanja kuti ndimugwire, ababa anati, "Iwe, manja ako ali ndi girisi. Musiye mkulu wako." Ha! Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Komatu ndinali nditaona china. Chala cha ababa chinali chitamufufuta Lusiya. Timaluwa tinali titazilala, tsaya limodzi mtovu unkaonekera. Ndinaganiza kuti ndikamukonza n'kuwala ngati watsopano, ababa adzandiyang'ana ine kaye, n'kunena kuti mwanayu ali ndi manja anga.

Ntchito ndinkaidziwa, si ndinakulira pansi pa mango paja? Ababa akamapenta njinga ankabwereza mawu amodzimodzi: "Tinta yatsopano siigwira pa yakale. Pala kaye mpaka chitsulo chioneke." Ndiye Loweruka lina iwo ndi amayi atapita kudimba kukakumba mbatatesi, ndinatsitsa chitini chija. Ndinamuviika Lusiya m'parafini, n'kutenga lisha, pepala lokhakhala lopalira zitsulo. Ndinapala diresi, ndinapala nkhope, m'makwinya ndinalowetsamo singano kuti pasatsale kadontho. Fungo la parafini lija ndimalimvabe. Mtovu utayera mbee, ndinatenga tinta yabuluu yotsala pa chitseko, n'kumupaka ndi nthenga ya nkhuku. Tinta inayenderera, nkhope inatsekeka. Maso ndinadontheza ndi kamtengo ka machesi, limodzi linakula kuposa linzake. Komabe ankanyezimira, ndipo ine ndinakondwa.

M'mawa mwake titabwera kutchalitchi, ndinaima pakhomo ndikudikira kuyamikiridwa. Ababa anakhuthula chitini. Atamuona Lusiya, anafunsa:

"Wachita ndani?"

"Ine, ababa. Anali atafufuta."

Anatola kamunthuko n'kukanda tinta ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, poyembekeza kuti pansi pake apeza maluwa aja. Anapeza mtovu wokhawokha. Anakanda pankhope, chimodzimodzi. Ndinakonzeka kukwapulidwa, ndipo bwenzi zili bwino akanandikwapula.

"Wapala bwino," anatero. "Monga ndinakuphunzitsira."

Kenaka anaitana amayi kukhitchini. "Amake Lusiya, tabwerani. Maluwa aja a pa diresi, anali achikasu eti?"

Amayi anapukuta manja pa chitenje. "Ofiira," anayankha msanga. Kenaka anati, "Kapena ofiira anali a nsalu imene tinamukulungamo ija. Kaya, abambo. Kaya."

"Nanga chipsera chinali mbali iti?"

Amayi anagwira pachipumi pawo kumanja, kenaka kumanzere, kenaka anabwerera kukhitchini. Ndinawamva akulira motsitsa, kulira kwa maliro kwenikweni. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sindinapale utoto ayi. Zaka zonse zija makolo anga ankakumbukira mwana wawo poyang'ana pa kamtovu kaja, ndipo m'mitu mwawo anali atayamba kale kuzilala.

Ababa anayesa kumupentanso katatu konse. Ankasambitsa buluu wanga, n'kukhala pakhonde ndi ubweya wa mbuzi masana onse, kenaka n'kufufutanso. "Si iyeyu," ankatero. Kachitatu anamusiya woyera, wopanda nkhope, n'kumukulunga m'kansalu. A Zakeyu anabwerabe Malamulungu angapo, koma choko sichinakhudzenso meza ija. Ababa sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Ankandigulirabe mandasi, ankandinyamulabe pa njinga popita ku sikola. Ine ndikanakonda chikwapu.

Chaka chimene ababa anadwala matenda awo omaliza, ine ndili mayi wa ana awiri, anandiitana pamphasa. Anandipatsa chitini chija n'kuti, "Felisita, iwe maso ako anali aang'ono, akuthwa. Unkamuyang'ana Lamulungu lililonse. Sukukumbukira mtundu wa maluwa aja?"

Mayo ine! Ndinafuna kunama. Ndikanangoti achikasu, akanapita mtima uli m'malo. Koma ndinafufuza m'mutu monse osapezamo kanthu. Ndinamuyang'ana kambirimbiri, inde, koma ndinkayang'ana kuti ababa amugwira kangati, amumwetulira kangati. Diresiyo sindinaiyang'anitsitse n'komwe.

"Sindikukumbuka, ababa. Pepani."

Anandigwira dzanja. "Basi, mwanawe. Tonse tinamutaya kawiri."

Lero ndimadziwa kuti chinthu chofufuta m'manja mwa munthu sichikhala chikupempha utoto. Chimafufuta chifukwa mwini wake amachigwira tsiku ndi tsiku, ndipo usanachikhudze uyenera kufunsa. Chitini chija ndili nacho. Ana anga amasewera ndi a Jusitino ndi azakhali a Marita pa meza yathu, ndipo ndinawaphunzitsa kujambula mtsinje ndi malire. Ndinagula ngakhale timabotolo ta tinta ku Tete, yofiira ndi yachikasu, koma sindinatitsegulepo. Lusiya ndimamuyendetsa ndekha, woyera choncho, wopanda nkhope. Dado akagwa moipa, ndimamukankha pang'ono ndi chala, ndipo ana anga anaphunzira kuyang'ana kudenga.