Mayi Atsache ndi Kasupe wa Pansi pa Mkuyu

Mayi amene tinawaika m'manda sabata yathayi ambiri tinkangowadziwa kuti Mayi Atsache. Anabadwa achisamba m'banja losauka, ndipo sukulu anaisiyira panjira kuti alere azing'ono awo. Atakula analowa ntchito yochapa nsalu za odwala kuchipatala, ntchito imene inawang'amba zikhatho mpaka ukalamba.

Amuna awo, kalipentala, anamwalira asanawasiyire mwana. M'masiku achisoni amenewo mayiwa ankapita kuseri kwa phiri, pansi pa mkuyu waukulu pomwe anthu ankatayapo zinyalala. Ankafuna poti alire popanda wowaletsa. Tsiku lina, akukankha zitini kuti apeze pogwada, anaona dothi lonyowa. Anafukula ndi manja, madzi n'kutumphuka.

Kuyambira pamenepo, akaweruka kuntchito ankapitako ndi tsache. Anachotsa zinyalala, anayala miyala, n'kumasesa masamba tsiku ndi tsiku. Amayi anzawo anayamba kuwatsatira ndi makolona, kenako odwala, kenako mabasi ochokera kutali. Pamenepo tinaona apachibale osayankhulana akumwera kapu imodzi. Wina akawatama, ankangoseka. "Ine ndimangosesa," ankatero. "Madziwa amawasunga ndi mtengowu, ndipo mtengowu amausunga ndi Mulungu."

Analeranso mwana wamasiye, mwana wawo wa ubatizo, ndipo anamuphunzitsa ndi manja ong'ambika omwewo. Lero ndiye wapampando wa komiti yoyang'anira malowa. Miyendo itawakana, mayi anamuitana pamphasa pawo.

"Mwanawe, mangani zomwe mukufuna, koma mkuyu uja musaukhudze."

"Amayi, ine ndili moyo palibe adzaikepo nkhwangwa."

Chaka chisanathe komiti inapeza zifukwa. Ati alendo akusowa pobisala mvula, ati mizu ikung'amba masitepe, ati mbalame zikudetsa masuti a anthu olemekezeka. Wosaina kuti mtengo ugwe anali wapampando yemweyo. Anathirapo simenti, n'kukhoma denga la malata. Chilimwe chotsatira kasupe anauma gwa. Anthu akulu ndi nzeru zawo anakokera paipi ya madzi a pampopi kuseri kwa mwala wa pakasupepo mwakachetechete, n'kupangana kuti mayi asamve, ati kuopa kuwadwalitsa.

Lamulungu lililonse wapampando ankawachezera, n'kumawauza kuti mthunzi ukungokulirakulira. Mayi ankasekerera, n'kumudalitsa. Izi zimandiwawa kuzilemba. Akulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma ife miyendo yawo tinaiona, ndipo ena anawadyera masuku pamutu.

Atalandira sakramenti la odwala anapempha chinthu chimodzi chokha, madzi a pakasupe paja. Wapampando anathamanga n'kubwera ndi botolo. Mayi anamwa pang'ono, n'kumubwezera botololo. Munthu amene wachapira madzi a pampopi moyo wake wonse sangaiwale fungo la mankhwala ake.

"Mwanawe, mkuyu uja unagwa liti?"

Wapampando anangoyang'ana nsapato zake.

"Ukanandiuza, bwenzi nditaulira ndili ndi mphamvu," anatero mayi. Misozi inatsikira m'khutu, ndipo m'chipindamo munalibe woyerekeza kuipukuta. Patapita kanthawi anatambasula dzanja. "Bweretsa ndimalize. Wandinyamulira ndiwe."

Anamwa onse. Anamwalira masana omwewo mwamtendere, kolona ili m'manja, ife tikuimba chapansipansi. Sanatemberere munthu, komanso sananene kuti zinali bwino.

Komiti inandipempha kuti ndilembe zoti mayi anadalitsa chitukuko chatsopanochi. Ndalemba zimene ndinamva ndi makutu anga. Anatisiyira chitsanzo cha munthu wokhululuka atadziwa choonadi chonse, ndipo chimenecho n'cholemera kuposa chomwe komiti inkafuna.

Mabasi akubwerabe, ndipo anthu akudzaza mabotolo awo mogwada. Tsache la mayi analiika m'bokosi lagalasi pakhoma, kuti alendo azijambulitsa nalo. Lingokhala momwemo. Pasimenti paja sipagwanso tsamba loti munthu n'kusesa.