Dima la Mafoni Osalankhula

Ndinaitana dima kuti nyimbo yanga ikwere pa intaneti, ndipo dima lomwelo ndi limene linaichotsetsa. Inu owerenga, makamaka oimba amene mumadziyendetsera nokha zinthu, ndikuululirani kupusa kwangaku kuti musadzakubwereze.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi kufupi ndi Santhe. Ndinakula wosalankhulalankhula, koma wokonda kuonetsetsa mmene zinthu zimayendera. Agogo ali ndi nyimbo imene anapeka ali mtsikana, ndipo amaiimba posoka fodya m'chigafa. Imaseka mwamuna amene msana umamupweteka nyengo yothyola fodya, nkuchira tsiku lomwe mabelo agulidwa. Ine ndinawonjezerako mavesi awiri, kenaka ndinawatengera agogowo ku situdiyo ku Kasungu boma kuti akaimbe kolasi. Anaimba kamodzi kokha nkukana kubwereza, ati iwo si wailesi.

Woimba payekha saika nyimbo mwachindunji pa mapulogalamu omvera nyimbo pafoni. Amadutsira ku kampani ya pakati imene imatumiza nyimboyo kumapulogalamuwo nkumamulandirira ndalama. Ndinalembetsa, ndipo pamalo a wopeka ndinalembapo dzina la agogo. Iwo za ndalama analibe nazo chidwi. Chimene chinawasangalatsa nchakuti dzina lawo likuoneka pafoni, ndiponso kuti azakhali anga, mwana wawo yekhayo wotsala amene amagwira ntchito ku Joni, amawamva mawu Lamulungu lililonse akamachapa.

Ine chidwi changa chinali pa kawerengedwe. Ndinatha mabandulo ndikuwerenga malamulo awo. Ndinapeza kuti munthu akamvera osafika masekondi makumi atatu, sawerengera. Ndinapezanso kuti kumvera kulibe mtengo umodzi. Zili ngati fodya, kilo yomweyo mitengo nkusiyana malinga ndi giredi: womvera amene amalipira pamwezi kudziko lolemera amabweretsa zambiri kuposa womvera mwaulere kuno. Ndalamazo zimafika patapita miyezi, ndipo sungatape zisanakwane mlingo umene kampani ya pakati inaika. Koma chimene chinandisowetsa mtendere ndi lamulo la pulogalamu ina yaikulu, lakuti nyimbo iyenera kumveredwa kokwana chikwi chimodzi m'miyezi khumi ndi iwiri isanayambe kulipiridwa. Yathu inali isanafike ndi theka lomwe.

Apa mpamene nzeru za kumudzi zinandipusitsa. Kwathu munda ukakukulira, umaphika thobwa nkuitana anansi, ndipo mmawa umodzi mizere yonse yatha. Limenelo ndiye dima, ndipo palibe amalitcha kuba. Ndinadzifunsa kuti, ngati makasu makumi awiri amatha munda, mafoni makumi awiri angalephere chikwi?

Pa Santhe pali a Jafali, amene ali ndi golosale ndipo amatchajitsa mafoni ndi sola. Tsiku la msika mafoni amangoti mbwee pashelefu, eni ake ali kogula kaunjika. Ndinapempha eni mafoniwo kuti ndiwatsegulire akaunti yaulere, nyimbo izibwerezabwereza foni ili pamoto, bandulo ndigawe yanga. Wovomera amamwa thobwa la agogo. A Jafali anandiyang'ana nkuseka.

"Mphwanga, ine sikelo yanga mumaiona ndi maso, koma mumakanganabe nayo. Nanga ya pa intaneti yosaonekayi mwaidziwa bwanji?"

Ndinawayankha kuti malamulo ndawawerenga. Zoona ndinawerenga, koma ndime yonena kuti omvera ayenera kukhala anthu osiyanasiyana omveradi ndinaidumpha, poti sinkaifuna. Popeza mafoni ambiri oimba nyimbo imodzi mosiyana nthawi amasokosera makasitomala, tinawatsitsa mawu mpaka zii.

Tinachita zimenezi masiku atatu a msika. Ine ndinkangokhala pabenchi kuyang'ana nambala ikukwera. Tsiku lachitatu agogo anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ati akaone anthu amene akumwa thobwa lawo akuvina nyimbo yawo. Anapeza golosale ili chete, mafoni ali ndondondo pashelefu. Monga amachitira agogo ndi mdzukulu wamwamuna, amanditchula amuna awo.

"Amuna anga, nyimbo ija ikuimba pati?"

"Ikuimba m'katimo, agogo."

Anasendera, natchera khutu pa foni imodzi, kenaka ina.

"Nanga akumva ndani? Mabatire?"

A Jafali anaseka mpaka kugwira kauntala. Ine ndinasekanso, poti tsiku lomwelo nambala inali itadutsa chikwi. Agogo sanaseke. Anatenga chidebe chawo cha thobwa nkubwerera kumudzi.

Patatha milungu ingapo, kampani ya pakati ija inanditumizira uthenga. Anati makina aona mafoni ochepa, pamalo amodzi, akubwereza nyimbo imodzi tsiku lonse, ndipo kumeneko ndi kumvera kwachinyengo. Nyimbo aichotsa pa mapulogalamu onse, ndalama zimene inapeza azigwira, ndipo akaunti yanga aitseka. Ndinawalembera kalata yaitali yofotokoza za dima, kuti mafoniwo anali a anthu enieni ndipo sindinalipire aliyense kupatula thobwa. Anandiyankha mwaulemu kuti chigamulo sichisintha. Kunena zoona, mpaka lero ndimadabwa kuti makina ali kutsidya kwa nyanja anaona bwanji shelefu ya a Jafali.

Lamulungu lotsatira azakhali anaimba foni kufunsa kuti mawu a amayi awo apita kuti. Sindinachitire mwina koma kukawauza agogo. Ndinawapeza akusankha fodya, akumanga mindindi, timitolo ta masamba ake. Anamvetsera osadzutsa mutu, kenaka anandikumbutsa za mlimi amene amabisa fodya wachabechabe pakati pa belo kuti lilemere.

"Akalitulukira kuokushoni sachotsa woipa yekhayo ayi. Limabwerera lonse, ndi wabwino yemwe. Azakhali akowa anali fodya wabwino."

Sanandikalipire kuposa pamenepo, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira. Nyimboyo ndinawatumizira azakhali pafoni, koma agogo akuti si chimodzimodzi, poti poyamba azakhali ankaipeza pamene pali oimba ena onse, dzina lawo lili pansi pake. Ndikuyesa kulembetsa ku kampani ina, ndipo sindikudziwa ngati adzailandira.

Inu owerenga, werengani malamulo onse, makamaka ndime imene simukuifuna. Musabwereze nyimbo yanu pa mafoni osonkhanitsidwa pamodzi, ndipo wina akakulonjezani omvera ogula, mukaneni, chifukwa chilango chidzagwera inu. Nambala ikamakwera pang'onopang'ono, pitani mukaimbe paukwati, pamsika, pawailesi ya m'dera lanu, muwauze anthu poipeza nyimboyo, aliyense akamvere kwawo pamene waifuna. Ine ndikanadikira, mwina chikwicho sichikanakwana chaka chimenecho, koma azakhali akanamachapabe zovala akumva amayi awo. Tsiku lililonse mukatsegula foni kuti muone nambala, yambani mwadzifunsa funso limene ine ndinaliseka m'golosale ya a Jafali: nanga akumva ndani?