Kanunkhira wa a Mwanaidi

A Bwanali a ku Lirangwe anali munthu wabwino, koma kukonda kutamandidwa ndiye kunawapweteka. Anagwira ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina ku Chileka zaka khumi ndi zisanu, ndipo popuma anabwerako ndi njinga yakutha ndi kanthambi ka duwa loyanga limene dona ankalitchula kuti hanisako. Dzinalo linawakanika akazi awo, a Mwanaidi, ndiye iwo anangoti kanunkhira.

A Bwanali anakabzala pafupi ndi khonde, nakathira manyowa a mbuzi, nakaimikira nsungwi. Madzi otsukira mbale onse ankathera pamenepo. Kudulira ankadulira okha, maluwa akayoyoka, ndipo mbuzi yoyandikira pamenepo inkaona zakuda. Patatha zaka zitatu kanunkhira anakuta khonde lonse, fungo lake kumveka mpaka kumsewu.

Ndiye a Mwanaidi maso anachita ng'ala. Koma mayi aja kukhala pansi ayi. Kuchitsime ankapita, kumaliro ankapita, ndodo m'manja. Pobwerera ankangotsata fungo mpaka pakhomo. Ankadzitama kuti iwo sagwidwa dzanja ngati mwana, mphuno yawo ikuona.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, kunamveka zoti kudzakhala msonkhano waukulu wa chipani pa Lirangwe. Atsogoleri a nthambi anabwera kudzapempha timaluwa tokongoletsera nsanja. Timaluwa chabe, todzaza manja awiri! Koma a Bwanali, mtima uli pampando wa tcheyamani, anatenga chikwanje nagwetsa mtengo wonse patsinde, nausenza okha kudutsa nawo pamsika kuti aliyense aone. Msonkhano usanayambe n'komwe maluwa anali atafota, ndipo wowathokoza panalibe. Anadzilimbitsa mtima kuti chitsa chiphukira mvula ikagwa. Chiswe sichinadikire mvula.

Tsiku lachitatu a Mwanaidi, pochoka kuchitsime, anapitirira nyumba yawo nakalowa pakhonde la eni, ndowa ili pamutu, anthu akudya. Wina anaseka. Mayi wa pakhomopo anachita kuwabweretsa atawagwira dzanja. Sanakalipe a Mwanaidi, ndipo a Bwanali ankanena mpaka ukalamba wawo kuti bola akanawatukwana. Kuyambira tsiku limenelo mkeka wa pakhonde ndiwo unali ulendo wawo wonse.

Manyazi ndi chisoni zinawadya bambo aja. Anapalasa njinga mpaka ku Chileka kukapempha kanthambi kena, koma anapeza azungu anapita kalekale, pamene panali maluwa mwini watsopano atalimapo chimanga. Anafunsa nyumba ndi nyumba, mpaka mlonda wina anawathyolera kanthambi kamodzi panyumba imene ankalondera. Anafika nako madzulo atakakulunga m'chisanza chonyowa, nagwada pamkeka, nakaika m'manja mwa akazi awo, akulonjeza kuti pakatha zaka zitatu khonde lidzakutidwanso.

A Mwanaidi anakasisita kanthambiko, nakabweza.

"Bzalani, bambo, muzinunkhiza ndinu. Ine njira ndinaiiwala kale."